Livulo la a Tarsisio Limene Alamu Awo Anasuta

Kuno ku Lifidzi aliyense ankadziwa kuti a Tarsisio salola mwana wa sikola kudutsa pakhomo pawo asanayankhe funso. Mbuzi inkadutsa, woledzera ankadutsa, padiri wa ku tchalitchi pa mota yake, njinga yamoto ija, ankadutsa ndi moni chabe. Koma mwana wonyamula kaderno, kope lolembamo, anali wawo. Nyumba yawo inali pamphambano, pomwe kanjira ka ku sekundariya kamatulukira mu msewu wa ku Kalomwe, ndipo funso linali limodzi lomwelo zaka zonse: mtsikana uja zinamuthera bwanji?

Ndinene poyamba kuti ine munthuyo sindinkamukonda. Jekete lawo linkachapidwa ndi mvula basi, ndevu zawo zinkasunga zakudya za dzana, ndipo ankalankhula ndi anthu ngati onse tinabadwa dzulo. Ndikulemba za iwo chifukwa cha Gilda, mwana wa malemu mwana wanga Violeta, amene ndinamulera ndekha kuyambira akukwawa. Panali nthawi imene mwanayo anatsala pang'ono kuchotsedwa sikola, ndipo nkhalamba yauve imeneyi inalowerera nkhaniyo popanda woiitana.

Mtsikana wa m'funso lawo anali wa mu livulo, ena amati buku. Ali mnyamata a Tarsisio anakhalako ku seminariyo, ndipo atatuluka, ena amati atatulutsidwa, anabwera ndi bokosi la malivulo akale a Chipwitikizi, aja a mapepala achikasu onunkha mphemvu. Limodzi ankalikonda kuposa munda wawo. Inali nkhani ya mtsikana wa kutsidya kwa nyanja, amene bambo ake anamutsekera m'nyumba kuti akwatiwe ndi nkhalamba yolemera ya minda ya mphesa. Ankaliwerenga monyenyerera, pang'ono Lamulungu lililonse, kuti lisathe msanga. Chimene sankadziwa n'chakuti alamu awo a Arcanjo, munthu wa fodya wa chingambwe, nawonso anali atayamba livulo lomwelo, koma kuchokera kumapeto. Pepala lake linali lopyapyala, lopichirira bwino. Pamene a Tarsisio anafika poti mtsikana wavala zaukwati, waima pakhomo pa tchalitchi, anatembenuza tsamba n'kupeza chikuto. Mathero onse anali atatulukira m'mphuno mwa a Arcanjo.

Akuti anawafunsa alamu awowo, misozi ili lengelenge, ngati anawerengako ngakhale mzere umodzi asanayatse. A Arcanjo anaganiza mofatsa n'kuyankha kuti, "Anali masamba abwino, alamu. Sankakhosomoletsa."

Kuyambira pamenepo ana a sikola ndiwo anasenza mlanduwo. A Tarsisio ankati boma limamanga sikola kuti munthu athe kuganiza pomwe pepala lathera, ndiye mwana aliyense wodutsa aziganiza. Anawo anayamba kuzemba, ndipo njira yozembera inadutsa m'munda wanga wa nyemba. Ndinapita kukakalipa kwa a Tarsisio. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa ngati ndinaphunzirako. Ndinati ndinafika kalasi yachinayi kwa masisitere, ndipo ndimawerenga kalata ya kuchipatala popanda wondithandiza. Anati chabwino, Make Custódio, nanga mtsikana uja zinamuthera bwanji? Ndinawauza kuti anakafera m'munda wa nyemba wa eni ake.

Koma zimene anawo ankayankha, ndivomereze, zinali zonyansa kumva, ndipo ine ndinkazimva zonse ndikupalira chapafupi. Flávio, mnyamata wa pakamwa ngati wailesi, ankati mtsikanayo anakwatiwa ndipo anachita bwino, chifukwa mutu wodzaza sugula sopo. Ankapereka chitsanzo cha mkulu wake amene anamaliza makalasi onse ndipo lero amakankha njinga ya matumba pamalire, pamodzi ndi anthu osatha kulemba dzina. Wina anati mtsikanayo akanangopatsa padiri nkhuku kuti ukwati ulephereke, monga iwo amapatsira pulofesoli wina wowaphunzitsa nkhuku kuti ezame, mayeso aja, iyende. Vânia, mnzake wa Gilda wokhala naye benchi limodzi, kamtsikana kanzeru koopsa, anati anakwatiwa, nkhalamba inafa chaka chomwecho, iye n'kutenga minda yonse. Anati ndiye masamu ake amenewo. A Tarsisio ankamvetsera nkhope itakwinyika ngati aluma papaya losapsa, kenako ankalavula pambali n'kunena kuti m'badwo uno unabadwa wokalamba kale.

Anawo nawo sankangomeza. Ankafunsa kuti nkhani ya azungu akufa kale iwathandiza chiyani pomwe denga la kalasi likudontha, pomwe livulo limodzi amaligwira anthu asanu, wina n'kumaliwerenga chadodolido. Flávio anafunsa ngati mu livulomo muli mtengo wa feteleza. A Tarsisio anati mulibe, koma muli bambo wogulitsa mwana wake, ndipo ameneyo samafuna feteleza, amamera yekha paliponse.

Tsiku lina anavala nsapato n'kupita okha kusikola kukafunsa aphunzitsi funso lomwelo. Anabwerako akutukwana m'Chilatini. Pulofesoli wa Chipwitikizi anawauza kuti iye sanawerengepo livulo lathunthu la mtundu umenewo, amangopatsidwa masamba awiri ojambulidwa pa makina, chiyambi palibe, mathero palibe. A Tarsisio anati ndiye kuti dziko lonse lili ndi a Arcanjo ake, kungoti enawo amalandira malipiro.

Gilda wanga yekha sankayankha. Ankaima, n'kumvetsera, n'kupempha kuti aone tsamba lomaliza lija, kenako n'kumapita. Anali mu desima, kalasi ya khumi, ndipo ezame yaikulu inali pafupi.

Ndiye kunabwera mwana wanga Custódio, atsibweni ake a Gilda, ndi nkhani. Ine ana anga sindiwanena kwa anthu, ndipo wonena Custódio pamaso panga adzapeza kuti mano ndikadali nawo. Koma apa ndikulemba zimene zinachitika. Anati a Cassimiro afunsira mwanayo. A Cassimiro ndi mwini kamiyawu, chigalimoto chija chimagula kachewere m'midzi yonse ino n'kupita naye ku Tete. Akazi anali nawo kale awiri. Mimba yawo inkafika pamalo iwo akadali m'njira, ndipo imvi ankazidetsa ndi mankhwala a m'kabotolo. Ndinakana. Custódio anati mawu a mbumba ali ndi atsibweni, ndiponso kachewere wathu wogula wake ndi yemweyo, tikamukhumudwitsa tidya tokha matumba onse. Anati ankhoswe abwera Loweruka, ndipo ine ndisamuchititse manyazi pamaso pa alendo. Apa ndiye anandigwira pakhosi, chifukwa amadziwa kuti kukangana ndi mwana wanga anthu akuonerera sindingathe.

Lachisanu Gilda akuchokera kusikola, a Tarsisio anamuimika monga mwa masiku onse. Ine ndinali kuseri kwa mpanda. Mwanayo anati, "Lero sindikudziwa, agogo. Mawa masana ndidzakhala nditadziwa." Anapitirira. Nkhalambayo sinalavule. Inangomuyang'ana mpaka analowa m'nyumba.

Loweruka alendo anafika, a Cassimiro pamodzi ndi ankhoswe awo, ngakhale kuti mwamwambo mwini nkhani sayenera kubwera yekha. Anati anali kudutsa. Tinawayalira pansi pa mtengo wa mapichesi. Moni asanathe n'komwe, ndinaona jekete lija likulowa pachipata, livulo kukhwapa, ndipo pambuyo pake ana a desima pafupifupi onse, ena atanyamula makasu chifukwa anawatola m'minda. A Tarsisio anati pepani, kwawo kulibe mthunzi, phunziro la lero lichitikira pano. Anakhala pansi. Ndipo inu mukudziwa kuti munthu wamkulu akakhala pansi n'kuyamba kupereka moni, sungamudzutse. Anapereka moni kwa aliyense payekhapayekha, kufunsa za ana, za ziweto, za matayala a kamiyawu. Custódio ankandiyang'ana kuti ndichitepo kanthu. Ine ndinali kuyang'ana mapichesi.

Kenako anatsegula livulo, nati poti pali alendo, amasulira m'Chinyanja. Anawerenga pomwe nkhalamba ya mphesa ikufotokozedwa. Mimba yake, mpweya wake, mphete zomira m'zala, tsitsi lopaka mwaye kuti lioneke lakuda. Ngati zonsezo zinalidi mu livulomo, ine sindingalumbire. Dzuwa linali litakwera, ndipo kamzere kakuda kanali katayamba kutsika kuseri kwa khutu la a Cassimiro kulowera m'kolala.

A Tarsisio anafunsa ana maganizo awo. Flávio, ataona kuti omvera achuluka, anaiwala za sopo zija. Anati munthu wotere kumudzi kwathu sangapezeke, chifukwa kuno akuluakulu amadziwa kusiyanitsa mkazi ndi mdzukulu. Wina anati bambo wa mtsikanayo akanagulitsa ng'ombe, imene ilibe ezame. Vânia anati iye akanavomera, n'kumathira mchere wambiri m'ndiwo. Ana anagwa pansi ndi kuseka.

A Cassimiro anafunsa kuti kodi akunenedwa ndani pano.

"Mzungu wina, bambo," anatero a Tarsisio. "Anafa kalekale. Kapena mumamudziwa?"

Anawafunsanso iwowo, monga munthu woyenda maiko, kuti mwa kuona kwawo mtsikana uja zinamuthera bwanji. A Cassimiro anati iwo sanabwerere nthano. Ndiye a Tarsisio anatembenukira kukhonde, kumene Gilda anagwada ndi beseni la madzi osamba m'manja alendo.

"Iwe unati masana ano udzadziwa."

Mwanayo anaika beseni pansi. "Sanalowe m'tchalitchi. Anabwerera kwawo, anavula chovalacho, n'kupita kukalemba ezame."

A Tarsisio anakanda ndevu. Anati kunena zoona, m'masiku amenewo atsikana a kumeneko sankalemba ezame. Koma poti masambawo anasutidwa, palibe angatsutse.

Custódio anatsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti akalankhula iye, nkhani yatha. Ndinadzuka ine. Sindinamuyang'ane mwana wanga, sindinatchule dzina lake. Ndinangouza ankhoswe kuti amva okha, m'nyumba muno muli mwana wa sikola, mkazi mulibe, ndipo tiyi wawo ali pamoto ngati akufuna kumwa asanapite. Sanamwe.

Chaka chimenecho kamiyawu inkadutsa pakhomo pathu osaima. Kachewere wina tinamukweza panjinga mpaka ku Kalomwe, wina anaolera m'nkhokwe, ndipo fungo lake ndikulikumbukirabe. Custódio sanandilankhule mpaka mvula yoyamba. Ine madzulo a Loweruka lomwelo ndinapita pamphambano kukawauza a Tarsisio kuti nkhani ya m'banja mwanga si sewero loitanira ana a eni, ndipo akadzabwerezanso ndidzawathira madzi otentha. Ndikunenabe kuti ndinalondola. Iwo anayankha kuti madziwo ndibwere nawo ndi sopo, jekete likufuna.

Gilda analemba ezame, anakhoza, anapitiriza. Lero ali ku Tete, akuphunzira za unamwino, ndipo akabwera amandiyeza magazi ngati ndamupempha.

A Tarsisio anamwalira m'nyengo yozizira, ndi chifuwa. Masiku omaliza ankafunsabe funso lawo, koma ali chigonere, kudzera pawindo, ndipo ana ena ankaima dala kuti awanamize mathero atsopano. Flávio anawauza kuti mtsikanayo anakhala nduna ya maphunziro n'kufolera makalasi onse. Akuti a Tarsisio anaseka mpaka kutsamwa, kenako anati bodza limeneli ndiye loposa onse. Pamaliro a Arcanjo analira kuposa aliyense, ngakhale anthu ankayang'anitsitsa kuti dzanja lawo lisayandikire bokosi la malivulo. Kulonderako kunapita pachabe. Mwezi usanathe adzukulu a malemuwo anagulitsa bokosi lonse kwa amayi a mandasi a pamsika, ndipo kwa kanthawi anthu a kuno tinkadya mafuta okhala ndi zilembo.

Nyumba ya pamphambano ija anaisandutsa mosungira feteleza. Ana a sikola tsopano amadutsa pamphambano mwamtendere, maso pa telefoni, ndipo nyemba zanga palibe wozipondanso. Ndinkaganiza kuti ndidzakondwera nazo.

A Cassimiro anadikira kuti maliro aiwalike, kenako anatuma ankhoswe kwa makolo a Vânia. Anayala mphasa, anapereka moni, anamwa tiyi mpaka kutha, ndipo pachipata sipanalowe munthu. Ine ndinamva zitatha kale. Masiku ano kamiyawu ikamadutsa, Vânia amakhala kutsogolo, mwana pamiyendo, wina m'mimba. Nkhalambayo ili moyo ndithu, yanenepanso. Tsiku lina galimotoyo inaima pamphambano kukweza matumba, ndipo mtsikanayo anandipatsa moni pawindo, n'kufunsa ngati Gilda amavala zoyera kuntchito kwake. Ndinati amavala. Anagwedeza mutu, n'kukweza galasi.