Ekiselo Yoyezedwa ndi Chingwe

Lolemba

Ekiselo ya kwadi yanga, njinga yamoto ya matayala anayi, yapindika. Chitsulo chija chogwira matayala awiri akumbuyo. Ndinagunda chitsa mwezi watha, tsopano njinga ikuyenda ngati munthu wa matekenya.

Loweruka lino ine ndi anzanga ogwira nawo ntchito kuwodi kuchipatala tikupita kutchire kukathamangitsa makwadi. Ulendo womaliza chaka chino, chifukwa kuno ku South Bend chipale chofewa chikangoyamba kugwa njira amatseka. Kuti ndipeze Loweruka limeneli ndagwirira anthu mashifiti mapeto a sabata atatu otsatizana. Miyendo ikudziwa.

Pa intaneti ekiselo zilipo zitatu:
yofanana ndi yakaleyi,
yotalikirapo, ya anthu a mpikisano,
ina yoti ukhoza kuitalikitsa kapena kuifupikitsa, koma ili ndi timanati tambirimbiri.

Ndasankha yoyambayo. Nambala yake ndakopera. Mawa ndioda, Lachinayi ifika pakhomo. Nkhani yatha.

Lachiwiri

Sinathe. Amuna anga, bambo a Tadala, kamwa lawo ndi wailesi. Auza amalume.

Amalume a ku Indianapolis. Achimwene awo a mayi anga, ankhoswe a ukwati wathu, munthu amene anakonza malole ku Limbe mpaka imvi asanabwere kuno. Andiimbira ndili pa buleki kuchipatala.

"Mbumba yanga izigula chitsulo pa foni ine ndili moyo? Usaode kanthu iwe. Ndili ndi munthu wanga ku Lafayette Road."

Ndikufuna ndiwawerengere nambala, akundidula. "Nambala imanama. Chingwe sichinama."

Akuti tiyeze ekiselo yakaleyo ndi chingwe, timange mfundo uku ndi uku, titumize. Mmene ankatiyezera phazi pokatigulira nsapato za Khirisimasi. Ine amene ndimayeza mankhwala a odwala tsiku ndi tsiku, lero sindingathe kuwerenga nambala imodzi.

Ndayankha kuti, "Chabwino amalume." Mtima ukundiwawa mpaka pano.

Lachitatu

Chingwe changa choyanikira zovala achidula pakati.

Bambo a Tadala apempha tchuthi kuntchito kuti akachipereke okha. Kuchoka South Bend kukafika Indianapolis ndi kubwerako, maola asanu pamsewu. Chingwe chili mu envelopu, pampando wakutsogolo. Ine nditadwala dzino anandiuza kuti ndikwere basi.

Abwera opanda ekiselo, mimba ili tuu. Akuti amalume sagula chinthu tsiku lomwe achiona, amayamba agona nacho m'mutu. Ndikufunsa kuti munawauziranji poyamba. "Timangocheza."

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Athuwa ndi ouyatsa.

Lachinayi

Chithunzi chabwera pa foni. Ekiselo yatsopano, yonyezimira, yagona pasimenti. Pambali pake chingwe changa. Mfundo zathera panjira, chitsulo chikupitirira mbali zonse ziwiri.

Ndikuimba, mawu ndawafewetsa ngati ndikupempha mchere.

"Ndaonjezerako zala zitatu uku, zitatu uku," akutero. "Chinthu sugula chothina. Ikulira momwemo."

Ikulira momwemo! Njinga yoposa Tadala msinkhu wa zaka, ikula liti? Kodi chingwe chinayenderanji ulendo wonse uja ngati sichimveredwa? Agula ya mpikisano ija, imene ndinaikana Lolemba ndili ndi nzeru zanga.

Ndikuuza bambo a Tadala kuti aimbenso, ikasinthidwe. Akukanda kumutu. "Aise, tikawakhumudwitsa, tsiku limene tidzayambane tidzapita kwa ndani?"

Ndawauza kuti tsiku lake ndi lomwe lino.

Lachisanu

Amalume afika masana, avala ovolosi, bokosi la masipanala m'manja. Mvula ikuwaza, ndiye akuti akonzera m'shedi momwemo, mosungira njingayo, kuseli kwa nyumba.

Ndikulowa kuti ndithandize, njinga ndi yanga. "Iwe katiikire tiyi." Bambo a Tadala, amene sadziwa ngakhale pothira mafuta, ndiwo akugwira tochi. Ndikupereka tiyi monjuta, mano ndakukuta.

Pomanga manati a matayala, amalume akulowetsa sipanala m'paipi yaitali, akukwerapo ndi phazi. "Ku Limbe tayala langa silinagwepo."

Koma chilungamo ndichinene. Ntchito ndi yaukhondo. Tcheni chili bwinobwino, mabuleki akugwira, matayala akuzungulira osagwedera. Kumbuyo njinga yatambasuka, ikuoneka yaukali. Ndachita manyazi pang'ono ndi zimene ndakhala ndikuwanenera mumtima. Apemphera, alongedza zitsulo zawo zonse, anyamuka kusanade.

Chipewa, magolovesi, nsapato, zonse ndaika pakhomo. Mawa ndi mawa.

Loweruka

Siikutuluka.

Debbie, mnzanga wa kuwodi, wafika mmamawa ndi galimoto yokoka ngolo. Ndikuliza njinga, matayala akutsogolo adutsa pachitseko cha shedi, akumbuyo gwa! Uku zala zitatu, uku zala zitatu. Amalume sanalakwitse ngakhale pang'ono.

Zimene tayesa:
kuitulutsa chammbuyo,
kuphwetsa matayala,
kuipendeketsa anthu atatu, bambo a Tadala nkuyamba kulira msana,
kumasula tayala limodzi. Sipanala yathu yapindika, nati osasuntha. Ya Debbie yaterereka nkumusupula chala. Paipi ija ili ku Indianapolis.

Ndatenga hamala kuti ndigumule felemu ya chitseko. Bambo a Tadala andigwira mkono, akuti nyumba ndi ya lendi. Lero ndiye aganiza.

Foni ya amalume ndi yozimitsa. Ali kumsonkhano wa abambo a mpingo tsiku lonse.

Debbie wadikira maola awiri, kenako wandikumbatira nkumapita, ena akumudikira. Masana zithunzi zayamba kubwera. Matope mpaka m'makutu, mano onse pamtunda. Alembanso kuti akundisowa. Foni ndaiika m'kabati ya mbale.

Madzulo bambo a Tadala akufunsa ngati kuli ndiwo. Ndawayang'ana. Adziphikira mazira.

Lamulungu

Chipale chayamba kugwa tili m'tchalitchi. Basi. Mpaka chaka chamawa.

Nditabwerako ndalowa m'shedi ndi zovala za kutchalitchi zomwezo, ndatsekula chitseko, ndakwera. Kutsogolo mapazi anayi, gwa. Kumbuyo mapazi anayi, khoma. Ndachita zimenezi kangapo. Sikugwedera, sikutsimphina. Ekiselo ndi yabwino, zimenezo zikundipweteka kuposa zonse.

Foni ikulira ndili pomwepo. Amalume. Mawu anga ndawakonza kuyambira dzulo, ali pa mlomo.

"Ndakuika pa sipika," akutero. "Ndili ndi akulu a mpingo pano, sakukhulupirira kuti ndinagula ndi chingwe chokha. Tawauza wekha, ikuyenda bwanji?"

Ndikumva amalume akupuma, akudikira. Munthu amene anandilipirira sukulu bambo atamwalira.

"Zikomo kwambiri amalume. Ikuyenda bwino zedi."

Kuwomba m'manja kumbali inayo. Akuti chaka chamawa adzabwera kudzakonzanso kutsogolo, kuti kufanane ndi kumbuyo.

Sindinaname. Kuchoka pakhoma kukafika pachitseko, ikuyenda bwino zedi.