Chitseko cha Mkwatibwi

Lolemba

Zachitika! Zaka khumi ndi chimodzi ndikulipira inshuwalansi osagundako ngakhale nkhuku, lero ngolo yandipeza.

Ndaimika galimoto pafupi ndi msika wa Kapata, ndikudikira amake Tamanda amene akugula mafuta ophikira a ku ukwati. Ngolo ya nkhuni ikutsetsereka, ng'ombe zikuchita makani. Chipika chotulukira m'mbali, phoo! pa chitseko cha kumbuyo, cha kumanzere. Chalowa m'kati ngati poto wopondedwa.

Palibe wavulala. Mwini ngolo ndi mkulu wa imvi, a Daka a ku Chiparamba. Avula chipewa. Ine ndikuwatonthoza: "Musade nkhawa, pali inshuwalansi." Kunena zoona, mumtima ndikukondwako pang'ono. Mapepala anga onse ali mu fayelo yobiriwira, ndipo lero agwira ntchito.

Vuto ndi limodzi. Loweruka Tamanda, mwana wathu mmodzi yekhayo, akukwatiwa. Kuyambira ali kusekondale amati, "Adadi, ine tsiku langa ndidzakwera yanu yomweyi." Ndipo mkwatibwi amatsikira chitseko chimenechi, mbali ya khomo la tchalitchi.

Dongosolo:
1. Mawa lipoti la apolisi.
2. Lachitatu kupereka fomu.
3. Lachinayi woyendera wa inshuwalansi adzaone chitseko.
4. Lachisanu chitseko chatsopano.
5. Loweruka nthungululu.

Pafoni a inshuwalansi andiuza mawu amodzi: galimoto isakhudzidwe mpaka woyendera aione. Zosavuta.

Lachiwiri

Kupolisi wolemba malipoti a ngozi wapita ku Mwami, kwagwa lole. Ndibwere Lachisanu.

Ndikuyamba fomu ndekha. Nambala ya galimoto inayo: ilibe. Mtundu wake: ngolo. Laisensi ya woyendetsa: ndasiya mpata. Zithunzi za pamalo a ngozi: ndinajambula chimodzi, mwatuluka mphuno ya ng'ombe ndi chala changa.

Nkhani yamveka. Anthu akubwera kudzazonda ngati ndagonekedwa m'chipatala. Amayi a chigwirizano, akulu a mpingo atatu, aphunzitsi anzanga opuma. Aliyense akupereka pepani kwa ine, kenako akupita kukagwiragwira chitseko. Ndamata pepala pagalasi: MUSAKHUDZE. Akuliwerenga atatsamira pomwepo.

Madzulo afika a Daka, tambala kukhwapa. Sali okha. Ali ndi ankhoswe a kuchimuna, omwe aja tinakambirana nawo za ukwati wa Tamanda. Ankhoswe akhosomola, akuti, "Aphunzitsi, awa ndi amalume ake a mkwati. Nkhuni zija zimabwera kuno."

Nkhuni za ukwati wa mwana wanga zagunda galimoto ya ukwati wa mwana wanga! Ndikuti ndifotokoze kuti tambala sangalandiridwe nkhani isanathe, amake Tamanda amulandira kale ndi manja awiri. Alendo amudya. Inenso ndadyako chiwindi, ndisaname.

Lachitatu

Ku ofesi ya inshuwalansi. Mtsikana wa pakauntala ndi waulemu kwambiri, waseka kamodzi kokha, pa chithunzi. Akuti popanda lipoti lotchula wolakwa, fomu siyenda. Koma woyendera abwera mawa ndithu.

Ndikubwerera ndikuimba nyimbo. Ndili pa ngodya ya kwathu ndikumva: go! go! go!

Pabwalo panga pali:
a Daka, ndi nyundo;
a Tembo oyandikana nafe, ndi mpini wa khasu;
mkulu wa mpingo mmodzi, akulozera pomenya;
pepala langa la MUSAKHUDZE, lapindidwa bwino, laikidwa pampando kuti lisade.

A Daka anyamuka mbandakucha ku Chiparamba, pa njinga, kudzakonza chimene anawononga. Akuti, "Kwathu ng'ombe yako ikathyola mpanda wa mnzako, sudikira kuti akuitane." Thukuta lili kamukamu. Ndiwakalipire bwanji?

Amake Tamanda akuti anawaloleza ndi iwo. "Mawa kukubwera mlendo wa ku ofesi. Mumafuna aone galimoto ili chonchija, atiyese anthu otani?"

Ndakhala pansi. Ndapempha madzi akumwa.

Lachinayi

Chitseko chawongoka, inde. Dzenje lalikulu limodzi lasanduka timaenje makumi awiri. Amake Tamanda achitsuka, achipaka polishi. Ndipo tsopano sichitseguka, kunja kapena m'kati.

Woyendera wafika, mnyamata wa tayi, ndinamuphunzitsa masamu giredi seveni. Wazungulira galimoto kawiri. Wagwada. Wadzuka.

"Aphunzitsi, apa ngozi ndi iti, nyundo ndi iti?"

Ndikumuuza zonse, osabisa. Akukanda m'mutu. Akuti ayesa kulemba, koma lipoti la apolisi likhale lomveka bwino, dzina la wolakwa lilembedwe, chifukwa kampani ikalipira imakamufuna mwini ngoloyo. Ndipo ngakhale zitayenda, chitseko chisayembekezeke mwezi uno.

Wadya mbatata ndi tiyi, wapita. Mwana wabwino. Masamu ankalephera, koma apa wawerengera bwino.

Ndapita kwa wowongola magalimoto kuseri kwa msika. Wayang'ana chitseko nthawi yaitali, akuti, "Anamenya ndani apa? Ndikufuna ndimudziwe." Ali nacho china chakale, chabuluu. Yanga ndi yoyera. Tayesa kuyerekeza, n'chachifupi.

Walira mvula walira matope. Ndinkafuna kuona inshuwalansi ikugwira ntchito.

Lachisanu

Kupolisi m'mawa, fayelo yobiriwira m'manja. Wolemba malipoti alipo. Watsegula buku, cholembera chili m'mwamba.

"Dzina la woyendetsa ngolo, mdala?"

Dzina ndikulidziwa. Mudzi ndikuudziwa. Ngakhale maina a ng'ombe ndikuwadziwa. Koma ndikuona Tamanda mwezi wamawa akupita ku Chiparamba kukaonekera kwa apongozi, akugwada kupereka madzi kwa a Daka, kalata ya kampani ili patebulo. Anthu aziti mtengwa uja bambo ake anatengera amalume kupolisi sabata ya ukwati, tambala atadya.

Ndikuti, "Bwana, ndaganiza zokambirana pachibale."

Watseka buku mosadabwa. "Mukanatero Lolemba."

Zaka khumi ndi chimodzi! Panjira mtima ukuwawa ndithu, sindibisa. Koma pofika kunyumba ndapeza bwalo lili yakaliyakali, miphika ili pamoto, nkhuni za a Daka zikuyaka bwino zedi. Ndi zouma, za mtengo wabwino. Pamenepo sindingawanyoze.

Ndamuuza Tamanda kuti mwina tibwereke galimoto ya a Tembo. Wandiyang'ana. "Adadi, ndinati yanu. Ngakhale ndituluke pawindo."

Loweruka

Maliboni abisa timaenje khumi ndi tiwiri. Totsalato tikuoneka.

Tamanda walowera kumanja. Ndikuyendetsa pang'onopang'ono, hutala ikulira, njinga zonyamula anthu zikutipitirira. Pagalasi ndikumuona mwana wanga.

Pa tchalitchi ndaima mwachizolowezi, chitseko chakufa chayang'ana khomo. Kumanja kuli ngalande ya matope. Kwaya yayamba kale. Ndikukoka chogwirira, zii. A Tembo akukoka, zii. Wojambula akujambula zonsezi!

Kenako a Daka, mu jekete lofika m'mawondo, akupatula anthu. "Pepani, ndinachimenya ndine, ndikuchidziwa." Anyamula chogwirira m'mwamba, bondo pakati pa chitseko, gu! Chatseguka.

Avula chipewa, apereka dzanja. Tamanda akutsika akuseka mpaka misozi, amayi nthungululu. A Daka abweza chitseko, chatsekeka, chaluma kansonga ka velo. Kang'ambika pang'ono, mwini wake sanamve n'komwe.

Ku madyerero anthu akuti zinali zokonzeratu, kuti akuchimuna alandire mkwatibwi pagalimoto. Ena akuti adzachita chimodzimodzi pa ukwati wa ana awo. Sindinatsutse.

Lamulungu

Nyumba ili zii. Mipando yobwereka yabwezedwa. A Daka anyamuka m'mawa, akuti ndidzapite ku Chiparamba kukatenga nyemba, koma galimoto ndikaimike kutali ndi khola.

Asanapite andiphunzitsa: kunyamula, bondo, kukoka. Ndayesa kanayi. Bondo latupa, chitseko chili chomwecho.

Fomu ndaibweza mu fayelo yobiriwira, mpata wa laisensi uli wosalemba. Inshuwalansi ikutha mwezi wamawa. Ndikalipiranso, nanga n'kutani.

Amake Tamanda akuti mawa ndipite nayo kwa wowongola uja, achotse chitseko chonse. Ndavomera. Kenako ndatuluka kukachotsa maliboni, ndapeza kansalu ka velo kaja kakadali pomwepo, koyera, kakupepeluka m'mphepete mwa chitseko. Kuti kachoke, chitseko chiyenera kutseguka.

Ndawauza amake Tamanda kuti wowongolayo sabata ino ndi wotanganidwa.