Agulugufe a pa Malile a Munda

Lolemba
Agulugufe oyela afika! Tsiku lonse akungodutsa ngati thonje louluzika. Madzulo akutela mumsekese wa pa malile a munda wanga ndi wa aLungu. Nthambi zonse mbuu! Ndikuimbila Tisa, mwana wanga wophunzitsa ku Petauke. Akuti, "Atate, munditumizile chithunzi Lachisanu lisanafike, ndionetse ana a sukulu." Zosavuta izo.

Lachiwili
Mbandakucha ndili pansi pa mtengo. Akali m'tulo, mapiko ali opinda. Ndikukweza foni, moto watha. ALungu aima potelo ndi khasu, akundiyang'ana. Moni wanga sakuyankha.

Lachitatu
Zofunika: foni ya moto, kuyenda monyang'ama, kusatsokomola.
Ndatsokomola. Onse balala!
Zimene ndajambula: thambo, chala changa, nshawa za aLungu.

Lachinayi
Ndikubwelela cham'mbuyo pang'onopang'ono kuti mtengo wonse ulowe m'chithunzi. Kuyang'ana pansi, ndili pakati pa munda wa eni. Kuchigayo ku Luembe nkhani yafika kale: "Aja a ku Katete akupima munda wa anzao ndi foni." Mayo ine! Malo tikulimawa anatipatsa ndi atate ao a aLungu pamene tinasamukila kuno kuchokela ku Katete, popanda pepala lililonse.

Lachisanu
ALungu abwela ndi abale ao atatu. Mipando akana. "Bambo, pamtengo paja mufunapo chiyani?" Ndikuti agulugufe. Akuyang'anana. Ndikuwatsogolela kuti akaone okha. Mvula ya mailo yawabalalitsa, tapeza anayi. Mmodzi wakufa.
ALungu akuti, "Mailo tikambilane za munda wonse."

Loweluka
Mkazi wanga akuti ndisatuluke, apita yekha kwa aLungu. Ndikusuzumila pawindo mpaka masana. Wabwela, akumasula chitenge: "Munda uli nafe. Musandifunse."

Lamulungu
Kuchalichi mkulu wa mpingo akupemphelela odwala. Amai a BP, mwana wa malungo, kenaka dzina langa: "Atate athu amene mutu wawasokonekela, afika pothamangitsa tizilombo m'minda." Ndikutsegula diso limodzi. Mkazi wanga watsinzina zolimba.
Potuluka aLungu akundigwila dzanja ndi manja awili. "Pepani bambo, sitinadziwe. Muzimwa mankhwala mokhulupilika."
Ndawauza kuti ndayamba kupezako bwino.