Disiki ya Maukwati

Nzeru zobwera pa botolo lachinayi musamazikhulupirire, abale anga. Chipewa anazikhulupirira.

Vuto lake linali ili: pa ukwati wa mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, iye ndi anzake awiri ananyamula makina osokera pa tebulo la mphatso. Ali pakhomo potuluka, anangoona kamera ya wojambula yaloza komweko. Kanemayo ankadzaonetsedwa Loweruka kwa apongozi, ndipo mkazi wake anali atalumbira kale kuti akadzabanso, banja lithera pomwepo.

"Usatope, mani," anatero Pulofesa, mmodzi wa anzake aja, ali m'bawa. Ameneyu ukatswiri wa makompyuta anaupeza posesa m'shopu yokonza mafoni. "Wojambula uja makanema amasunga kunyumba, m'kabokosi ka madisiki asanu. Tikazula ya maukwati, gemu yatha."

Jekete, wachitatu wawo, anavomera ndi mutu n'kuitanitsa botolo lina.

Lachitatu masana, wojambula atachokapo, atatuwo analowera pawindo la kubafa kwake, Jekete n'kutera phazi m'toyileti. Kabokosi kanali pansi pa tebulo, kakung'ung'udza, tinyali tikuphethira. Disiki iliyonse inali ndi kapepala kake: Maukwati, Maliro, Masukulu, Zina. Yachisanu, yaikulu ndiponso yatsopano, inalembedwa kuti Mlonda.

"Iyinso titenge?" anafunsa Chipewa.

"Mulibe kanthu umo," anatero Pulofesa. "Dzinalo n'loopsezera mbuli ngati iwe."

Anazula ya maukwati, nakaiphwanya ndi hamala kuseri kwa bawa mpaka kutsala zidutswa zokhazokha.

Loweruka Chipewa anafika kwa apongozi atatchena suti, n'kukhala kutsogolo kwenikweni, anzake aja m'mbalimu. Mtima uli m'malo, mwendo pamwamba pa unzake. Anali atakonza ngakhale mawu omupepesera wojambula, munthu wachifundo!

Wojambula analowa akumwetulira. "Pepani ndachedwa. Kwathu kunabwera mbava, koma zinandithandiza. Disiki imene zinabayo inali yakale, yaing'ono, yoti ndichotse. Tsiku limenelo n'kuti ndili kokagula yaikulu yolowa m'malo mwake."

"Nanga kanema wathu?" anafunsa mkwatibwi.

"Alipo, mayi. Sabata yatha ndinaika disiki ya mlonda yatsopano. Imeneyo imasunga masamu a zonse zili m'zinzake. Imodzi ikasowa, imawerengetsera ndi zotsalazo n'kubwezeretsa zonse. Zangonditengera masiku awiri."

Kanema anayamba. Mkwatibwi uyo, keke iyo, alendo awo akulowa mu holo ndi mphatso. Chipewa anayang'ana mkazi wake. Anayang'ana chitseko. Basi anadzambatuka.

"Bodza ili! Tinaiphwanya ndi hamala ife! Iwe Pulofesa, si unati makina osokera aja saonekanso?"

Pulofesa anayamba kuwerenga malata kudenga.

Wojambula anaimitsa kanema. "Makina ati, bambo? Nthawi ya mphatso batire linali litandithera. Kamera ija ndinangoisiya chiimire, yosayatsa."

Apongozi aamuna anadzuka pang'onopang'ono, nakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba.

"Kanemayo adikire kaye," anatero mkazi wa Chipewa, akupinda manja pachifuwa. "Awa akufotokoza bwino kuposa kamera. Pitirizani, bambo. Mukamaliza mukatenge masutikesi anu kunyumba. Sindikupatsani wokuthandizani, kunyamula ndiye mumatha."