Golosale Yanga Yalowa Kakhoma Kokha

Lolemba
Zithunzi za aMhone, wojambula nyumba za m'matauni ndi penti uja, ndili nazo m'golosale mwanga: depoti ya pa Jenda, msika wa pa Boma, tchalitchi cha ku Edingeni. Muno mu Mzimba ndine ndinayamba kuwagula. Lero Che Amidu, a shopu yoyandikana ndi yanga, apachika chawo. Chachikulu ngati chitseko. Ndipo chojambulidwacho ndi shopu yawo yomweyo!

Lachiwiri
Ndapita kukagula machesi, chinthu chimene ndimagulitsa ndekha, kuti ndichionetsetse. Malata adzimbiri, khonde lopendekeka, koma zonse zikukongola. Golosale yanga yalowa kakhoma kokha chakumapeto, galu atakweza mwendo. Che Amidu akuti, "Khoma lanu latuluka bwino, achimwene."

Lachitatu
Zofunika kuti aMhone andione: penti ya buluu, laimu, malata atsopano, chikwangwani. Mayi a Chikondi akuti pashelefu sopo watha, ine ndikugula penti. Mkazi wanga zaluso sazidziwa.

Lachinayi
Golosale yotseka, ine pamakwerero tsiku lonse. Makasitomala anga akulowa kwa Che Amidu, akutuluka ndi shuga, pakamwa pali chithunzi. Anamwino awiri adzijambula pafoni ataima pambali pake. Malata akale ndawataya kuseri. Che Amidu apempha, ndawapatsa. Atole zinyalala.

Lachisanu
AMhone akudutsa ndi chikwama cha mabulashi. Aima, agwira pakamwa. "Mwachita vichi, adada? Khoma lija ndimalikonda chomene, ndimati ndidzalijambule mawa. Mbwenu basi." Akuti mashopu a buluu ali paliponse, koma ming'alu ngati ija sipezeka.

Loweruka
Ndikuyesa kubweza ukalamba. Ndapala penti ndi chikwanje, ndawaza madzi amatope. Golosale ikuoneka ngati yadwala zipere. Che Amidu akhoma malata anga aja, akulitsa khonde lawo. AMhone akhala pampando tsidya la msewu, akuwajambulanso. Dzimbiri limenelo ndi langa!

Lamulungu
Kutchalitchi ndapempha mtima wosasirira za mnansi, koma pobwerera ndadzera njira yakuseri. Madzulo Che Amidu abweretsa tiyi ndi mandasi, akuti chithunzi chachiwiri chilibe malo kwawo, kodi ndingawasungire pakhoma panga? Ndavomera. Mayi a Chikondi akuti malata atsopano amachita dzimbiri pakapita zaka. Chabwino. Ndidikira mvula.