Botolo Limodzi Losasefa

Usiku watha ndinalota maloto oti mukawatengera kwa sing'anga akhoza kukubwezerani nkhuku yanu. Felesiya, siya kaye kutsuka mabotolowo. Nawenso Nasiketi, khala pa kiretipo umve.

Nkhani ya mowa wanga wa m'thanki yachitatu mukuyidziwa. Ndafulula masese ku Mchesi zaka khumi ndi zisanu ndisanabwere pa kafakitale kano, ndiye abwana athu a Chikaonda atandilola kuyesa mowa wangawanga, ndinathiramo hopu wosayamba, timaluwa towawa tija ta m'mapaketi. Mowa unatuluka wachifunga ngati madzi otsukira mpunga, koma fungo lake mango okhaokha. Abwanawo anangouyang'ana padzuwa n'kuti, "Nangondo, kuhotela sagula zinthu zooneka ngati zosasamba. Tisefe." Anasefadi dzana, thanki yonse, ine mtima ukuwawa. Chimene simukudziwa n'chakuti ndinali nditatungako botolo limodzi n'kukalibisa m'firiji kunyumba, kuti lero a Msukwa, wogula mowa wa kuhotela uja, akabwera alawenso wosasefawo. Akaukonda, ndifululanso mwanjira yanga. Akaukana, ndibwerera pa beseni kudzatsuka mabotolo ndi inu.

Ndiye m'malotomo ndili pa depoti masana, dzuwa lili pamutu, botolo lija ndalibereka kumbuyo ndi chitenje ngati khanda. Mwadzidzidzi likundikanda paphewa.

"Amayi," likutero, "chilichonse chichitike lero, musalole munthu andikhutchumule. Ndikuoneka ngati masese, koma ine si masese. Ndili ndi mpweya m'mimba."

"Ndamva, mwanawe. Gona."

Ndiye ndikupita kukakwera minibasi, ndikupeza kondakitala wake ndi sefa wa pa thanki uja, wavala kapusi, watsekereza pakhomo. Aliyense wokwera ayenera kudutsa mwa iye. Wadutsa bambo wina, ndevu zake zatsala. Wadutsa mayi wina wonenepa akuseka, wakakhala pampando ali duu, kuseka kwake kwatsala m'sefa kukuphiriphitha. Ine chidwi chandigwira, ndikusuzumiramo: muli ndevu, muli chifuwa cha wina, muli nyimbo ya kwaya theka, ndipo pakona penipeni pali fungo la mango litakhala mwakachetechete, manja pachibwano.

"Iwe sefa, zimenezi umapita nazo kuti?"

"Ine sindiba, mayi," akuyankha. "Ndimangogwira zimene zakana kudutsa. Mukwera kapena mukutichedwetsa?"

Ine ndinalowera pawindo. Ndiye tikuyenda, tikuyenda, mwadzidzidzi minibasi ija ndi dziwe losambiramo la kuhotela, lopanda madzi, pansi pake aika mabenchi a khoti. Kutsogolo kwakhala bwana woyeza zakumwa atavala chikhoti choyera, pambali pake a Msukwa ndi ndevu zawo zija zapamlomo, pakati a Chikaonda atanyamula faelo. Bwana woyezayo akutsokomola kuti ayambe mlandu, khosi likutalika, likutalikabe, miyendo ikuwonda, basi wasanduka kakowa. A Msukwa akuyasamula, ndevu zikugwa mbali ndi mbali, khungu likuterera, ndi mlamba tsopano, wavala tayi. Palibe amene akudabwa. Inenso ndikungodzifunsa kuti tayiyo yagwira pati popeza khosi palibe.

Kakowa akuti, "Lamulo ndi limodzi. Mowa wabwino uyenera kuwerengetsa nyuzi."

Akuthira mowa wosefa uja m'tambula, akuika nyuzipepala kuseri kwake, akuwerenga za mpira mpaka zigoli. A Chikaonda ayera mbee ngati kakowayo, akugwedeza mutu. Ndiye kakowa akuthira wanga, akuika nyuzi, zilembo zonse zikuvula nsapato n'kudumphira m'tambulamo kukasambira.

"Mwaona?" akutero kakowa. "Uve."

Mlamba akumenya benchi ndi mchira. "Achimwene, inu mumadyera pamwamba pa madzi, n'chifukwa chake muli ndi miyendo ngati ya udzudzu. Ine ndakulira m'matope. Zonona zonse zimakhala kumene maso safika. Mowa timamwa ndi pakamwa, nyuzi kawerengeni kwanu."

Ndikuyang'ana a Chikaonda, asanduka abulauni ngati mlambayo, akugwedezanso mutu. Kuyang'anitsitsa, diso lina lili kwa kakowa, lina kwa mlamba, mchira wapindika pansi pa faelo. Birimankhwe weniweni! Musaseke mokweza, Felesiya, ofesi ili pafupi.

Ndiye aitana mboni. Likubwera botolo la mowa wosefa, lowala, loyenda monyada ngati mwana wochokera kutauni. Langa kumbuyo kuno likulira, "Achemwali! Ndi ine, tinabadwira thanki imodzi!" Losefalo likutembenuka mwaulemu.

"Pepani, tinaonanapo kuti?"

"Ukumva bwanji chisefedwereni?" ndikulifunsa ine, chifukwa ndinkafunadi kudziwa.

"Ndapepuka, mayi. Ndikhoza kukhala pashelefu miyezi isanu ndi umodzi osadandaula. Kungoti pali chinachake chimene ndinkafuna kunena, ndiye ndachiyiwala."

Mtima wanga unati go, ndapambana. Koma kakowa akuweramitsa khosi mpaka mlomo wake wafika pakhutu langa, akunong'ona: "Nangondo, musanyade. Chifunga si kukoma. Alipo ofulula aulesi amene amaphula mowa usanapse n'kumati ndi sitayilo. Alipo ena amathiramo ufa kuti uoneke wochita kufunika. Inu mukudziwa bwanji kuti chili m'chifunga chanucho ndi kukoma, osati ulesi wanu?"

Anzanga, kunena zoona, funso limenelo linandilasa. Ndakhala nalo sabata yonse osauza munthu. Ndiye ndikuti, "Dikirani ndikaone ndekha." Ndikumasula chitenje, ndikuika botolo pansi, ndikuvula masilipasi, ndikulowa mutu kaye.

M'katimo muli ngati ku Dedza mwezi wa Juni, chifunga cha tsiku la msika, munthu osaona dzanja lake. Ndikumva mawu okhaokha. Ndikuyenda mopapasa, mwadzidzidzi ndagunda chingwe cha zovala, ndiye china, ndiye chinanso, zingwe zochuluka zopangidwa ndi chifunga chomwecho. Timayi tating'onoting'ono tovala maduku obiriwira tikuyanika zinthu pazingwepo. Kena kakuyanika fungo la mango, kena la chinanazi, kena kakukung'untha kuwawa pang'ono ngati kwa khungu la lalanje.

"Inu ndinu ndani?"

"Ndife hopu, mayi. Munatithira nokha, mwatiyiwala? Ife ndi ochokera kunja; dziko lanu lino n'lotentha, koma anthu ake ndi aulemu."

"Nanga kukoma kuli pati? M'chifungamu kapena mwa inu?"

Kamodzi kakundiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, kopanira zovala kali pakamwa. "Chingwe sichivalidwa, mayi. Koma dulani chingwe muone ngati zovala zitsala m'mwamba."

Ndikufuna kufunsanso, koma timayi tonse tija tikuti, "Shhh! Pondani bwino!" Kuyang'ana pansi, ndaponda pamimba pa munthu. Pansi ponse pagona azibambo onenepa, mazanamazana, akuliza mkonono, ena atakumbatira makasu.

"Amenewo ndi a yisiti, owiritsa mowa," kakunong'ona ka duku kaja. "Agwira ntchito masabata awiri osapuma, atopa. Akagona pansi chonchi, ife kumwamba kuno timakoma. Koma wina akawadzutsa, amakwiya, amathyola zingwe zonse, ndiye mowa umangomveka matope ndi ndulu."

Apo m'pamene ndinamvetsa, anzanga, ndipo ndinasangalala ngati mwana. Masese amafuna kudzutsidwa, uwu umafuna kusiyidwa. Zifunga ziwiri, makhalidwe awiri. Ndikuthamanga chonyang'ama kuti ndikauze kakowa, ndikukwera khosi la botolo, ndikutulutsa mutu, ndikupeza khoti lonse laimirira, mlamba wanyamula tambula ndi zipsepse, akuti, "Tilawe tsopano. Wofulula ayambe, mwa mwambo, achotse ufiti."

Mwadzidzidzi kumwamba kukutsika dzanja. Dzanja lalikulu, la wotchi yosayenda, chala chachikulu chili ndi chipsera cha sikuludiraiva. Ndikulidziwa dzanja limeneli, ndakhala nalo zaka makumi awiri. Likugwira botolo pakhosi, ine ndikadali m'katimo. Khoti lonse likuwomba m'manja, ngakhale kakowa, akuimba, "Wachifunga samwa osakhutchumula! Wachifunga samwa osakhutchumula!" Botolo likukuwa, "Amayi, munalonjeza!" A yisiti akudzuka ndi makasu awo, timayi tikugwa ndi zingwe, mango akuuluka, ine ndikupita kumwamba, pansi, kumwamba, pansi, khutchu, khutchu, khutchu.

Ndikutsegula maso, kwacha. Koma khutchu khutchu uja sakusiya. Akuchokera kukhitchini.

Ndinadumpha pabedi osavala n'komwe duku. Ndikupeza amuna anga, bambo a Mwaiwathu, aima pa firiji, avala kale malaya oyera a ku msonkhano wa mpingo, botolo langa lili m'manja, akulikhutchumula ndi mtima wonse, mwaluso, monga achitira ndi masese chiyambire unyamata wawo.

"Mayi a Mwai," akutero mokondwa, "masese anuwa mwawaikiranji m'botolo lagalasi? Anakhala pansi onse, ndawakonza."

"Musatsegu..."

Phuu!

Denga, firiji, kalendala, nkhope yawo, zonse thovu. Iwo angoima, atatsinzina, akunyambita milomo. Kenako akuti, "Koma mkazi wanga, mango mwawatenga kuti mwezi uno?"

Ndinalira, anzanga, osanama. Ndiye ndinaseka, ndiye ndinaliranso. M'botolomo munatsala zala ziwiri za matope okhaokha, a yisiti okwiya, zoti sindingapatse ngakhale mdani. Koma ndinawavula malaya aja pomwepo, akadali onyowa, n'kuwamanga m'jumbo. Ndi iyi ili apayi. Tanunkhiza, Nasiketi. Wamva? Imeneyo ndi galimoto ya a Msukwa ikuimba hutala pageti. Ndigwirire botolo la wosefalo, ine ndinyamula malaya, akanunkhize okha.