Chitenje cha Ankhoswe

Masiku ano mkazi wanga akati "zimenezo ndisiyireni ine," ndimayamba ndayang'ana kumene kuli khomo. Anandiphunzitsa zimenezi ndi ukwati wa Bayu.

Bayu ndi mnzanga wa ku Indonesia, tinkagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leicester. Atapeza mbeta ya kwawo, anandipempha kuti ndiime ngati mkulu wake, poti abale ake mapepala aulendo anawakanika. Makolo a mkazi anali atafika kuchokera ku Java, ndipo ankamukayikira mkamwini wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe. Ntchito yanga inali kunyamula thireyi ya mphatso n'kukaipereka m'manja mwa apongozi. Ndinavomera msanga. Zoti amuna kumeneko amavala nsalu m'chiuno anandiuza nditavomera kale.

Anabwera nayo kwathu ku Highfields, nsalu yojambula pamanja yotchedwa batiki, pamodzi ndi lamba wansalu wautali ngati chingwe choyanikapo zovala. Mkazi wanga, make Chisomo, anaigwira n'kuseka.

"Achimwene, ichitu ndi chitenje basi."

Bayu, mwaulemu wake wonse, anafotokoza kuti zitenje zathu ndi zidzukulu za nsalu imeneyi. Akuti Adatchi a ku Holandi akulamulira kwawo anakopera lusoli n'kuyamba kudinda nsalu pamakina, eni ake atazinyoza anakazigulitsa ku Africa. Apa ndiye anaponda mchira wa njoka. Make Chisomo ali ndi sutikesi ya zitenje za Holandi (ine sindiloledwa n'kuikhudza komwe).

"Ndiye akuti ife timavala zokanidwa?" anandifunsa mlendo atangotuluka.

Pangano linali loti ndilawirire kuholo kuti amalume a mkwatibwi akandiveke. Make Chisomo anakanitsitsa.

"Ndaberekera ana atatu pa chitenje, ndathamangira nacho minibasi ku Limbe, sichinagwepo. Lamba wa chiyani? Imikani manja."

Anandizunguliza nsalu, n'kusomeka kansonga m'chiuno, kwatha. Lamba anatsala pasofa. Buluku akuti linkaonekera kumapazi, choncho anandivula, ndinatsala ndi kabudula wamkati wa tinyama ta Khirisimasi amene ana anandigulira.

Pasiteji ya basi tinakumana ndi Mayi Nambewe a kutchalitchi kwathu, akuchokera ku shifiti. Anandiyang'ana kuyambira kumutu.

"Bambo a Chisomo, mwajoina gulu la amayi osatiuza?"

Ndinayankha kuti ndi za chikhalidwe. Sanafunse cha ndani, anangotulutsa foni.

Kuholo ku Belgrave tinafika mochedwa. Amalume aja atandiona ananong'oneza Bayu, Bayu n'kundinong'oneza ine kuti nsalu ndaipindira kumbali ya akazi. Nthawi yokonza panalibe. Anandipatsa thireyi, nyimbo inayamba, ine kutsogolo.

Sindinapite patali, ndinamva kansonga kaja kakutsanzika. Ndinatukumula mimba (mimba imene adokotala akhala akundikalipira nayo, tsiku limenelo ndinaidalira). Ndinapana ndi zigongono, kuyenda ngati bakha. Nsalu inkatsikabe pang'onopang'ono. Mtima unandipsa, ndipo ndinkadziwa bwino amene unkapsera. Manja ndi awiri okha. Ndigwire nsalu, thireyi igwe pamaso pa apongozi, Bayu aoneke kuti ngakhale m'bale wobwereka anasankha wachabechabe. Ndinagwiritsa thireyi.

Nsalu inafika pansi. Ndinaidumpha, n'kumaliza ulendo ndi tinyama tanga poyera, n'kupereka mphatso ndi manja awiri, mogwada pang'ono monga tinaleredwera. Pamenepo mwana wathu Chisomo analengeza m'Chingerezi kuti kabudulayo anasankha ndi iyeyo.

Apongozi analandira thireyi kaye, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kumugwira Bayu paphewa. Mwana wawo anam'pereka. Amalume anandikokera kuseri n'kundimanga ndi lamba wina mothinitsa, moti mpunga wa paphwando ndinangouona ndi maso.

Pobwerera m'basi ndinkadikira kuti make Chisomo apepese. Ndinadikira mpaka tinatsika.

"Nsalu ilibe mlandu," anatero make Chisomo akutsegula chitseko. "Inuyo ndi amene mulibe chiuno."

Bayu anandipatsa batiki ija kuti ikhale yanga. Amene amaivala ndi make Chisomo popita kutchalitchi, popanda lamba, ndipo sinagwepo. Akafunsidwa amati ndi chitenje.